Khola lachitsulo m'galimoto ya rally: mafunso ndi mayankho musanadule paipi

Kuchoka mu Lusaka pa msewu wa Great East, mumafika ku Chongwe mutayenda makilomita pafupifupi 45. Ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo mukangopatuka pa tala mumakumana ndi misewu yadothi ya m'mafamu ndi m'midzi: pena yowongoka, pena yokhota mosachenjeza, m'mbali muli mitengo, zitsa ndi zulu za chiswe. Mnyamata amene wagula Subaru Impreza yakale yochokera ku Japan sachedwa kulota za rally akaona misewu yotere. Malotowo si achabe ayi, chifukwa Zambia ndi kwawo kwa akatswiri a masewerawa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse maulendo 8 pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anatenga ukatswiriwo mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, Jassy Singh mu 2013, ndipo mu 2022 unabwereranso ku Zambia ndi Leroy Gomes, mkazi wake Urshlla atakhala pambali kumuwerengera njira.

Kaya ndi katswiri kaya wongoyamba kumene, saloledwa kuima pamzere woyambira ngati m'galimoto mwake mulibe roll cage, khola la mapaipi achitsulo lozinga anthu awiri okhala mkatimo. Mafunso awa ndi amene amabwera munthu akaganiza zopangitsa kholali kwa mmisiri wakwawo.

Kodi kholali limagwira ntchito yanji?

Limasunga malo a anthu. Galimoto ikagubuduzika, denga ndi mizati yake zimaphwanyikira mkati. Ikaomba mtengo cham'mbali, chitseko chimalowa n'kufika pa nthiti. Khola limakana kuti malo okhalamo munthu achepe, ndipo mphamvu ya kugundako limaimwaza kuti ipite ku mbali zina za bodi m'malo mothera pamalo amodzi.

Kapangidwe kake n'kodziwika. Kumbuyo kwenikweni kwa mipando kumaima uta waukulu, paipi imodzi yopindidwa yochoka pansi mbali ino, kukwera, kudutsa m'munsi mwa denga n'kutsikira mbali inayo. Kuchoka pa utawo, mapaipi awiri amatsata denga, kutsika ndi mizati ya galasi lakutsogolo mpaka pansi, ndipo paipi ina imawalumikiza pamwamba pa galasilo. Kumbuyo kuli michirikizo iwiri. Zikatero khola laponda pa bodi malo 6, ndipo imeneyi ndiyo nambala yochepetsetsa yololedwa. Kenako pamabwera mapaipi opingasa mkati mwa uta waukulu, pa zitseko ndi padenga.

Ku Kalingalinga mu Lusaka ndi pa Chongwe pomwe kuli amisiri owotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko. Bwanji osangowapatsa ntchitoyi?

Luso alinalo, ndipo ena a iwo dzanja lawo ndi lokhazikika kuposa la anthu a mapepala a sukulu. Vuto ndi loti geti ndi khola la galimoto amafunsidwa mafunso osiyana. Geti amaliyesa ndi maso komanso ndi zaka: laima mowongoka, silinagwe. Khola limayesedwa kamodzi kokha, m'kanthawi kosakwana sekondi, ndi galimoto yolemera tani imodzi ndi theka imene ikugwera pa ngodya imodzi ya denga. Chizolowezi chabwino pa geti, monga kugwiriza ndi madontho kenako n'kusalaza ndi grinder, pa khola chimapha munthu. Mmisiri wa mageti angathe kupanga khola labwino, koma akhale wovomera kuwerenga malamulo, kugula paipi imene sanazolowere, ndi kulola munthu wina kuyendera ntchito yake isanapakidwe penti. Amene akukuyankhani kuti "bwana, izi n'zazing'ono, tapangapo ngolo zambiri" muthokozeni, mupite kwina.

Malamulowo ndi a ndani?

Ndi a FIA, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto padziko lonse, ndipo ku Zambia amene amawagwiritsa ntchito ndi a Zambia Motor Sport Association. Za khola zili mu Appendix J, ndime 253, gawo 8. Pamenepa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu. Miyezo yopangira khola pawekha ili m'malamulo a chaka cha 2016, omwe akugwirabe ntchito pa magalimoto amene FIA inawavomereza chaka cha 2017 chisanafike, ndipo Impreza ndi Lancer Evolution zakale zili m'gulu limeneli. Pa magalimoto ovomerezedwa kuyambira mu 2021, khola limayenera kukhala lovomerezedwa ndi bungwe, lokhala ndi kachitsulo ka nambala ndi chikalata chake. Mpikisano uliwonse ulinso ndi malamulo akeake oonjezera, ndipo zimene zingadutse pa mpikisano wa kalabu si zonse zimene zingadutse pa Zambia International Rally, yomwe yakhalapo gawo la mpikisano wa Africa.

N'chifukwa chake ulendo woyamba usakhale wopita kogula zitsulo. Pitani kwa scrutineer, munthu amene amayendera magalimoto mpikisano usanayambe, mumuuze galimoto yanu ndi gulu limene mukufuna kupikisanamo. Kukanidwa pa pepala n'kotchipa kusiyana ndi kukanidwa khola litawotchereredwa kale.

Paipi yake ndi yotani?

Lamulo limafuna paipi yachitsulo yopanda msoko, yokokedwa chitsulo chili chozizira, ya kaboni wosapitirira 0.3 peresenti, ndiponso yopirira kukokedwa ndi mphamvu ya manyutoni 350 pa sikweya milimita iliyonse. Uta waukulu ukhale wa paipi ya mamilimita 45 m'mimba mwake, khungu lake lochindikala mamilimita 2.5, kapena ya 50 yokhala ndi khungu la 2.0. Mbali zina zambiri zimaloledwa kukhala za 38 ndi 2.5, kapena 40 ndi 2.0.

Nambala ya 350 ija tiione bwino. Mukadula paipi ya 45 ndi 2.5, mkombero wachitsulo umene mukuuona pa chidutswacho ndi masikweya milimita pafupifupi 334. Mukachulukitsa ndi 350, mupeza kuti paipiyo iyenera kupirira kukokedwa ndi katundu wa matani pafupifupi 12 isanaduke. Ndiye funso limene mwini galimoto ayenera kudzifunsa pa mfundo iliyonse ya khola ndi ili: kodi pamene awotchererapa pangapirire zimene paipiyo ingapirire? Ngati ayi, ndalama za paipi yabwino zapita m'madzi.

Malire a kaboni ali ndi chifukwa chake. Chitsulo cha kaboni wambiri chimalimba, koma chikatenthedwa powotcherera n'kuzizira msanga chimauma, ndipo m'mphepete mwa msoko chimathetheka m'malo mopindika. Pa ngozi timafuna paipi yopindika pang'onopang'ono ikumwa mphamvu, osati yothyoka. Makampani opanga makhola amagwiritsanso ntchito zitsulo zosakaniza monga 25CrMo4 ndi T45 pofuna kupeputsa galimoto, koma makhola otero amadutsa m'njira ya chivomerezo, ndipo kawotchereredwe kake kamafuna ukadaulo wina. Wongoyamba kumene azisiye.

Pogula, pemphani chikalata cha kufakitale chosonyeza mtundu wa chitsulocho, ndipo musunge. Paipi ikapakidwa penti, chikalatacho ndicho chimakulankhulirani kwa scrutineer.

Nanga paipi yamadzi ija? Imaoneka yolimba, ndipo imapezeka mu hardware iliyonse.

Ayi. Paipi yamadzi wamba ndi chitsulo chopindidwa n'kuwotchereredwa msoko m'litali mwake monse. Lowetsani chala mkati, muumva. Inapangidwira kusunga madzi, osati kulandira nkhonya cham'mbali. Yokutidwa ndi zinki ndiye yoipiratu: zinkiyo amaononga msoko powotcherera, ndipo utsi wake umadwalitsa wowotcherera, kumupatsa malungo ndi kuphwanya m'thupi usiku wake. Chimodzimodzinso paipi ya makona anayi ya mageti ndi paipi ya ekizozi.

Amaipinda bwanji?

Ili yozizira, ndi makina opindira mapaipi okhala ndi chikombole cha saizi ya paipiyo. Njira yakale yothira mchenga mkati n'kutenthetsa ndi moto wa gasi mpaka chitsulo chitafiira ndi yoletsedwa, chifukwa moto umachotsa kulimba kumene paipi inapeza pokokedwa ku fakitale. Kukhotako kusakhale kwadzidzidzi: lamulo limati kuchokera pakati pa kona kufika pakati pa paipi pakhale mtunda wosachepera katatu kukula kwa paipiyo, kutanthauza mamilimita 135 pa paipi ya 45. Paipi ikaphwatalala pokhotapo, mbali yopyapyala isachepere 0.9 ya mbali yotambalala. Makwinya ndi ming'alu n'zosaloledwa.

Uta waukulu ukhale paipi imodzi yosalumikiza. Mmisiri akalakwitsa kona, paipiyo yatayika, agule ina. Apa mpamene mwini galimoto amayesedwa, chifukwa paipi yotere ndi yodula ndipo mayesero oti "tingolumikiza, sizioneka" amakhala aakulu.

Mwati khola limaponda pa bodi malo 6. Kuwotcherera paipi pansi pa galimoto sikokwanira?

Pamenepa ndi pamene makhola ambiri opangidwa mwachisawawa amalepherera. Chitsulo cha pansi pa galimoto ndi chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Galimoto ikagwera padenga, kulemera kwake konse kumatsika ndi mwendo wa khola, ndipo paipi yoima pachitsulo chopyapyala chotero imaboola n'kutulukira kunsi. Khola limatsala lathunthu, lokongola, koma latsika pamodzi ndi denga n'kupanikiza anthu amene limayenera kuwateteza. Womanga nkhokwe amadziwa kuti mwendo wake ukaima pa dothi lofewa umatitimira, n'chifukwa chake amauika pamwala.

Mwala wa khola ndi chigamba chachitsulo chochindikala mamilimita 3 kapena kuposa, chachikulu masikweya sentimita 120, tinene masentimita 10 mbali ina ndi 12 mbali inayo, chowotchereredwa ku bodi. Phazi la paipi nalo likhale la mamilimita 3. Ngati phazilo likumangidwa ndi mabawuti, akhale atatu kapena kuposa, a saizi ya M8, olembedwa 8.8 pamutu. Michirikizo yakumbuyo imaloledwa mapazi a masikweya sentimita 60, ndipo ipendekeke madigiri osachepera 30 kuchoka poima chilili. Amisiri odziwa sakhutira ndi chigamba chogona pansi pokha. Amachipinda kuti chikwere pa chitsulo cholimba cha m'munsi mwa chitseko, kapena amamanga kabokosi pangodya, kuti katundu agawike mbali ziwiri kapena zitatu.

Izi zonse zimadalira bodi yamoyo. Magalimoto ambiri amene amafika kuno kudzera ku Nakonde kapena ku Chirundu anayendapo zaka zambiri kwawo, ena m'madera a chipale chofewa kumene amathira mchere m'misewu. Chotsani kapeti, palani phula la pansi, gogodani ndi hamala. Pamene pali dzimbiri padulidwe n'kuikapo chitsulo chatsopano khola lisanabwere.

Ntchito imayamba ndi chiyani?

Ndi mpando. Anthu ambiri amadabwa, koma khola limamangidwa mozungulira munthu, ndipo munthuyo ayenera kukhala kaye pamalo pake, pampando wa mpikisano, atavala chisoti chake, mnzake wowerenga njira nayenso chimodzimodzi. Pamenepo mpamene mmisiri amayeza pamene uta waukulu uime, kutalika kwa mapaipi a pa zitseko, ndi malo a paipi yomangapo malamba a m'mapewa. Mapaipi amayenera kutsamira pafupi kwambiri ndi bodi kuti atalikirane ndi mutu. Amene amayamba ndi khola n'kugula mpando pambuyo pake kawirikawiri amapeza chisoti chikugunda paipi, kapena chigongono chikusowa kolowera pokhotetsa chiwongolero.

Zisanafike pamenepo, m'galimoto mumachotsedwa zonse: mipando, kapeti, nsalu ya kudenga, dashibodi, ndipo nthawi zambiri magalasi. Batire ichotsedwe, kompyuta ya injini izulidwe, mawaya asunthidwe. Thanki ya petulo ndi mapaipi ake zichoke ndithu, osati kungophimbidwa ndi chiguduli chonyowa. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kuposa yodzaza, popeza chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo.

Pamwamba pa mfundo zoyandikana ndi denga amawotcherera bwanji, poti dzanja silifikapo?

Lamulo silinyengerera: msoko uzungulire paipi yonse, ndipo ulowerere mpaka mkati. Mfundo yowotchereredwa mbali zitatu, pamwamba n'kusiyapo poti palibe adzaone, ndi mfundo yoyamba kung'ambika, ndipo ili pamwamba penipeni pa mutu wanu. Njira zilipo ziwiri. Ena amaboola pansi pa galimoto pamene miyendo idzaime, amagwiriza khola ndi madontho, kenako amalitsitsira m'mabowomo kuti pamwamba papezeke mpata. Akamaliza amalikweza, n'kulowetsa zigamba zija pansi pa miyendo. Ena amachotsa chikopa cha denga n'kudzachibwezera pomaliza. Scrutineer wodziwa ntchito amabwera ndi kagalasi ndi tochi kudzasuzumira malo amenewa.

Msoko wabwino umayamba ndi kadulidwe. Nsonga ya paipi imasemedwa kuti ikumbatire inzake popanda mpata. Mpata wodzazidwa ndi waya wosungunuka umaoneka ngati msoko, koma mphamvu ulibe. FIA imalimbikitsa kuwotcherera kotetezedwa ndi gasi, ndiko kuti MIG kapena TIG. Makina a marodi amene ali paliponse m'misika amavuta pa paipi ya mamilimita 2, ndipo pa bodi yopyapyala amangoboola. MIG nayo ili ndi adani ake kwathu kuno. Woyamba ndi mphepo: ntchito ya panja, m'mbali mwa msewu, mphepo imauluza gasi ndipo msoko umadzaza timabowo. Wachiwiri ndi magetsi. Amene anagwira ntchito mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima nthawi yaitali tsiku lililonse, akudziwa mmene kajenereta kakang'ono kamafookera makina akangoyamba kukoka. Moto ukachepa, waya umangokhala pamwamba osalowa m'chitsulo. Kuli bwino ntchito ichedwe sabata kusiyana ndi kumaliza uta waukulu ndi moto wotsomphoka.

Musanapereke galimoto, muuzeni mmisiri awotcherere zidutswa ziwiri za paipi yomweyo, mudule mfundoyo pakati, muone ngati msoko walowa. Ndipo muuzeni kuti misoko asaisalaze ndi grinder kapena kuimata. Kuoneka bwino kwa msoko sikutsimikizira kuti ndi wolimba, koma msoko wonyansa sunakhalepo chizindikiro cha ntchito yabwino, ndipo wobisidwa umapatsa scrutineer chifukwa chokayikira.

Kuchulukitsa mapaipi kumaonjezera chitetezo?

Osati nthawi zonse. Chimene chimalimbitsa khola ndi makona atatu: felemu ya makona anayi imapendama ikakankhidwa, koma mukaipingasa ndi paipi yowongoka imakana. Ndiye chifukwa chake mapaipi opingasa amayenera kukhala owongoka ndi kuthera pafupi ndi mfundo, osapitirira mamilimita 100 kuchoka pamenepo. Paipi yothera pakatikati pa inzake, popanda china choilandira kuseri, imangoipinda inzakeyo pa ngozi. Kulemera nakonso kuwerengedwe: mita imodzi ya paipi ya 45 ndi 2.5 imalemera makilogalamu pafupifupi 2.6, ndipo ya 38 ndi 2.5 pafupifupi 2.2. Mapaipi a pa chitseko asakwere kupitirira theka la khomo, kuti munthu athe kutuluka msanga moto ukabuka.

Kodi zimapulumutsadi?

Mu Januwale 2020, pa Rally Monte Carlo, Hyundai i20 ya Ott Tänak inachoka mumsewu ikuthamanga makilomita pafupifupi 180 pa ola, n'kugubuduzika kangapo kutsetsereka phiri. Iye ndi wowerenga njira wake, Martin Järveoja, anatuluka okha m'galimotomo. Koma khola lili ndi malire ake, ndipo malirewo ali cham'mbali. Mu Seputembala 2005, pa Wales Rally GB, Peugeot 307 ya Markko Märtin inaomba mtengo mbali ya wowerenga njira, ndipo wowerenga njirayo, Michael Park, anamwalira. Pakati pa phewa la munthu ndi chitseko pali mpata wochepa kwambiri woti mphamvu itherepo. Mu Epulo 2023 Craig Breen anamwalira ku Croatia poyeserera galimoto, mtengo wa mpanda utalowera pa windo. Awa anali magalimoto a mafakitale, opangidwa ndi mainjiniya apamwamba. Pa misewu ya kwathu, yokhala ndi mitengo ndi mipanda ya mafamu m'mbali, mapaipi a pa zitseko si malo osungirapo ndalama. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi.

Ndikaika khola, ndatha?

Mwangoyamba. Khola limasunga malo, koma chimene chimasunga munthu pakati pa malowo ndi mpando ndi malamba. Mpando wamba umathyoka msana kapena kusuntha pa njanji zake. Wa mpikisano umamangidwa pa zitsulo zolimbitsidwa. Malamba ndi a nsonga 6, ndipo a m'mapewa achoke paphewa kupita kumbuyo mopendekera pansi pang'ono chabe. Akatsika kwambiri, pa ngozi amapanikiza msana. Mipando ndi malamba ovomerezedwa ndi FIA zili ndi chaka chothera ntchito cholembedwa pa chizindikiro chake, choncho chenjerani ndi zakale zogulitsidwa motchipa.

Mapaipi oyandikana ndi chisoti amakutidwa ndi zotchingira zolimba za muyezo wa FIA 8857-2001. Siponji yofewa ya matiresi imaphwatalala nthawi yomweyo, siithandiza. Palinso HANS, chida chokhala pamapewa chomangidwa ku chisoti, chimene Robert Hubbard anapanga m'zaka za m'ma 1980. Thupi likagwidwa ndi malamba, mutu umapitirira kutsogolo, ndipo khosi ndi limene limalipira. Anthu anachilabadira kwambiri Dale Earnhardt atamwalira pa Daytona 500 mu Febuluwale 2001, ndipo mu World Rally Championship chinakhala chokakamiza mu 2005.

Galimoto yomweyo ndingamapitenso nayo kuntchito ndi kukatenga ana kusukulu?

Iyi ndi nkhani imene achinyamata okonda kukongoletsa magalimoto safuna kumva. Khola m'galimoto ya tsiku ndi tsiku limaonjezera ngozi. Lamba wamba amalola thupi kusuntha, mutu ulibe chisoti, ndipo pafupi ndi khutu pali paipi yachitsulo. Kugundana kwapang'ono pa mphambano ya mu Lusaka, kumene mukanatuluka mukungokalipa, kungathe kuswa chigaza. Mipando yakumbuyo ndiye isakhalenso munthu, mwana makamaka, chifukwa michirikizo ndi mapaipi opingasa zimadutsa pamenepo.

Zoona, magalimoto a rally amayenda pamsewu wa anthu onse pochoka gawo lina la mpikisano kupita lina, ndipo n'chifukwa chake amafunika mapepala a bungwe loona za pamsewu la RTSA ndi inshuwalansi. Koma oyendetsawo amakhala atamangidwa zolimba m'mipando yawo yakuya, mutu sungafike pa paipi.

Galimoto ikagubuduzika, kholalo lingawongoledwe? Nanga logula kwa munthu wina?

Paipi yopindika pa ngozi yagwira kale ntchito yake. Kuiwongola ndi jeke kapena ndi moto kumangobweza maonekedwe, mphamvu sizibwerera. Imadulidwa yonse kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo, ndipo ngati ndi uta waukulu, nthawi zambiri ndiye kuti khola lonse latha. Mapazi ndi bodi yowazungulira ziyang'anidwenso ngati zang'ambika. Pa khola la chivomerezo lamulo ndi lolimba kuposa apa: kulisintha mwa njira iliyonse n'koletsedwa, ndipo kulikonza kumachitidwa ndi kampani imene inalipanga kapena ndi chilolezo chake. Kuboola paipi kuti mumangepo kamera kapena chozimira moto kungathe kulichotsera chivomerezocho.

Pogula galimoto ya rally yakale, yerekezani nambala ya pa kachitsulo ndi ya pa chikalata. Yang'anani penti watsopano pamalo amodzi okha, makwinya padenga, ndi zitseko zosatsekeka bwino. Khola lodulidwa m'galimoto ina n'kulumikizidwa mu inzake ndi timapaipi tolowetsa mkati musaligule, ngakhale mwini wake atatchula mayina a akatswiri amene analigwiritsapo ntchito.